Kasitomala wanditumizira chithunzi diso lili psuu, akuti ndine. Ndalakwitsa pati?

Chisomo: Moni nonse. Ndithandizeni, mtima wanga suli m'malo. Ndatha miyezi 5 chiyambire kuika ma lashes, nsidze zoikirira zija. Loweruka lapitali ndinaika mtsikana wina classic wamba, lash imodzi pa katsitsi kamodzi, anachoka akusekerera. Lero wanditumizira chithunzi: diso lakumanzere lili psuu, chikope chatupa, misozi ikungotuluka. Akuti m'mawa anachita kunyowetsa ndi madzi kuti litseguke chifukwa manthongo anamata. Akuti ndine ndamupatsa matenda ndipo andilemba pa Facebook. Koma ine ma tweezers anga ndimawapopera sipiliti munthu aliyense asanagone pabedi. Ndalakwitsa pati?

Mphatso: Ndi guluu ameneyo asisi. Ena matupi awo sagwirizana naye. Muuzeni abwere mumuchotse, amwe mapiritsi a ziwengo, zitha zimenezo.

Amayi a Tadala: Mphatso, dekha kaye. Guluu anaikidwa maso onse awiri, nanga bwanji latupa limodzi? Ndiponso ziwengo za guluu sizidikira sabata yathunthu. Chisomo mwana wanga, usamuyankhe mokalipa. Ungomufunsa kuti zinayamba liti, likuyabwa kapena likupweteka, ndipo akuona bwinobwino kapena ayi.

Chisomo: Ndamufunsa amayi. Akuti zinayamba dzulo, Lachisanu. Akumva ngati muli mchenga. Kuona akuona, koma akuti kutsogolo kwa khutu kwatuluka kamwanabere.

Nesi Thoko: Pepani ndachedwa, ndinali ku ntchito. A Chisomo, diso sitiyeza pa chithunzi, ndiye choyamba muuzeni apite kuchipatala lero lomwe, ndipo inu musakhudze diso limenelo, remover wochotsera guluu uja musaike. Koma ndikuuzeni mmene zinthu zimasiyanirana. Utsi wa guluu umawawa munthu akadali pabedi, diso limafiira cha m'munsi, pakapita tsiku limodzi kapena awiri zimatha. Ziwengo za guluu zimabwera mkati mwa masiku 1 mpaka 3, zikope zonse ziwiri zimatupa n'kumayabwa koopsa. Koma diso limodzi, patapita masiku 6, misozi yamadzimadzi, mchenga m'diso, kamwanabere pa khutu, zimenezi zimafanana kwambiri ndi kachilombo kotchedwa adenovirus, kaja ka nthenda ya maso ofiira. Kamakhala chete m'thupi masiku angapo, nthawi zina mpaka sabata ziwiri, kenako kamaonekera, ndipo kawirikawiri kamadumphira ku diso linalo. Akamva ululu weniweni, kuwala kukamamuthobwa, akayamba kuona mwa chimbuuzi, kapena pakaoneka kadontho koyera pagalasi la diso, asadikire kuti kuche. Makamaka ngati amavala ma contact lens, timagalasi toika m'diso tija.

Chisomo: Ndamutumizira uthenga. Ndiye kuti ndinedi a nesi?

Nesi Thoko: Angathe kukatenga kwina, kachilomboka kamayenda m'manja mwa anthu ponseponse. Koma ndikufunseni: Loweruka limenelo, amene anagona pabedi iyeyo asanafike, maso ake anali bwanji?

Chisomo: Mayo ine. Anali mayi wina wobwera kudzawonjezera ma lashes pamene ena anathothoka. Diso limodzi linkalengeza misozi, lofiirira pang'ono. Ndinawafunsa, anati sanagone bwino komanso fumbi. Ndinkachita kuwapukuta misozi ndi tishu ndikuika.

Yankho: Apo ndiye pamene panalowera njoka.

Amayi a Tadala: Tatiuza mwatsatanetsatane zimene unachita mayiyo atadzuka, mtsikana uja asanagone. Usabise kanthu, palibe akuseke pano. Tonse tinayambira pomwepo.

Chisomo: Ndinapopera ma tweezers sipiliti n'kuwapukuta ndi tishu. Ndinasasa thaulo la pa pilo n'kulitembenuza. Ma pad a pansi pa diso ndinatenga atsopano. Kabulashi kopesera ndinagwiritsa ntchito komweko, ndimakasintha madzulo. M'manja ndinapaka sanitayiza. Strip, kamzere kamene pamakhala ma lashes, ya 11 mm imene inatsala theka ndinapitiriza nayo, nanga ndikanataya?

Amayi a Tadala: Kabulashi ako kandiwawitsa mutu. Kamene kaja n'kogwiritsa ntchito kamodzi, ukamaliza umamupatsa mwini wake apite nako. Timinga take timakola manthongo, mafuta a pachikope ndi tizidutswa ta khungu, ndipo palibe njira yokatsukira kuti kayere. Wapesa diso lodwala, patapita mphindi 20 wapesa diso labwino. Ngakhale ma tweezers akanakhala oyera ngati a kothiyeta, kabulashiko kakanakugulitsabe.

Nesi Thoko: Ndiwonjezere pa sipiliti, chifukwa apa ndi pamene ambiri mumadzinamiza. Pali ntchito zitatu zosiyana. Kutsuka, ndiko kuchotsa litsiro ndi sopo ndi madzi. Kupha tizilombo ndi mankhwala, kumene kumapha tochuluka koma osati tonse. Ndiye kupheratu tonse, mpaka timbewu ta mabakiteriya touma tija totchedwa spores, ntchito imene amagwira ndi autoclave, nthunzi yopanikizidwa pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, kapena 134 kwa mphindi 3. Kupopera n'kupukuta nthawi yomweyo si chimodzi mwa zitatuzi. Mankhwala alionse amafuna nthawi yokhala pachitsulo chili chonyowa. Ndipo ngati pansonga pali guluu wouma, tizilombo timabisala pansi pake, mankhwala amangoyenda pamwamba. Kuonjezera apo adenovirus n'kouma mutu. Tizilombo tina tili ndi chikuto cha mafuta chimene sipiliti amasungunula mosavuta, koma aka kalibe chikuto chimenecho, ndiye sipiliti, makamaka wa isopropyl, sitimudalira pa kameneka. Pa pulasitiki ndi pachitsulo kamatha kukhala masabata kali moyo.

Mphatso: Ndiye tigule sipiliti wamphamvu, wa 99% uja?

Nesi Thoko: Ayi, pa mabakiteriya wa 70% ndiye amagwira bwino kuposa wa 99%. Madzi amene ali mmenemo amathandiza kuti alowe m'kati mwa kachilombo komanso asaume msanga. Wa 99% uja ukangopopera wauluka.

Dalitso: Ine zonsezi ndinathana nazo. Ndinagula kabokosi ka UV, kowala buluu kaja. Ndikamaliza munthu ndimaponyamo ma tweezers mphindi 10, basi. Makasitomala akakaona amakhulupirira.

Yankho: Achimwene, mwanena nokha, amakhulupirira makasitomala. Tizilombo sitikhulupirira.

Nesi Thoko: Kuwala kwa UV kumapha pokhapo pamene kwafika, a Dalitso. Pansi pa tweezer pamene pagona pa thireyi, m'kati mwa mpata wa miyendo yake, pansi pa kadontho ka guluu, monsemo ndi mumthunzi. Babu lakenso limafooka likamakalamba koma limawalabe buluu ngati kale. Kabokosiko musataye, n'kabwino kusungiramo zida zimene mwatsuka kale. Chimodzimodzi kamphika ka timikanda ta galasi totentha kaja: kamangotenthetsa nsonga, chogwirira chimatsala mmene chinalili.

Dalitso: Ndiye ndalama zanga zinapita padera.

Amayi a Tadala: Sizinapite padera, mwagula kabati yowala. Ine mmene ndimachitira ndi umu. Munthu akadzuka ndimayamba ndachotsa guluu pansonga, ndimatsuka ma tweezers ndi sopo ndi madzi ofunda pogwiritsa kabulashi kake kapadera, kutsukuluza, kuumitsa. Kuumitsa n'kofunika, chifukwa ukawaponya anyowa m'mankhwala tsiku lonse ukungothira madzi m'mankhwala ako. Kenako ndimawamiza onse, chogwirira chomwe, kwa nthawi imene yalembedwa pabotolo. Ambiri amalemba mphindi 10. Ndimatulutsa ndi chopanira, osati ndi zala, kutsukuluzanso ndi madzi oyera chifukwa mankhwala amenewa akalowa m'diso amawawa, kuumitsa, n'kuika m'kabokosi kotseka. Mankhwala ndimasakaniza atsopano m'mawa uliwonse.

Mphatso: Amayi, zonsezo kasitomala wina ali pampando akudikira? Tsiku lingathe tikutsuka.

Amayi a Tadala: N'chifukwa chake sukhala ndi peyala imodzi. Khala ndi atatu. Imodzi ili m'manja, ina ili m'mankhwala, ina yauma ikudikira. Palibe amene amadikira.

Nesi Thoko: Ndipo werengani pepala la pabotolo. Si mankhwala onse onyikamo zida amene amapha adenovirus, muone ngati dzinalo alilembapo. Kwa amene mulibe autoclave, kuwiritsa zida zachitsulo zotsuka kale kwa mphindi 20, kuwerenga kuyambira pamene madzi ayamba kubwata, ndi njira yodziwika ndipo kachilomboka sikapirira. Sikupha ma spores onse, koma pa ntchito yanuyi n'kothandiza kwambiri. Pa bedi, tebulo, nyale ndi zitseko, a Chisomo, gwiritsani klorini: wa m'botolo wa 5% uja, gawo 1 pa magawo 9 a madzi, wosakaniza tsiku lomwelo. Amadya chitsulo, ndiye musamagonekemo ma tweezers, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena alionse.

Anti Loveness: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ana inu mukuopsezana. Ine ndatha zaka 9 ndikuika ma lashes, sipiliti yemweyu, thaulo limodzi patsiku, sindinadwalitsepo munthu. Guluu amene amauma ngati mwala uja, kachilombo kangakhalemo? Tisasandutse saluni chipatala. Mwanayu wangochita tsoka.

Yankho: Anti, mwaulemu wonse, mukudziwa bwanji kuti simunadwalitsepo munthu? Ambiri diso likafiira sabwerera kudzakuuzani. Amapita kuchipatala, kenako amakaikitsa kwina. Inu mumangoti kasitomala uja anasowa. Ine ndalandirapo angapo othawa kwina, ndipo sindikukayika kuti ena anathawa kwa ine.

Anti Loveness: Ndiye ukundinena kuti ndine wauve?

Yankho: Ayi anti, saluni yanu mwina imawala kuposa yanga. Koma zimene tikukambazi sizioneka ndi maso.

Nesi Thoko: Anti Loveness, si inu oyamba kupsa mtima ndi nkhani imeneyi. Mu 1847 ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis anauza madokotala anzake kuti azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire amayi ochira, ndipo imfa m'wodi yake zinatsika kwambiri. Anzake ambiri anakwiya, ankaona ngati akuwanyoza kuti manja awo ndi akuda. Pa guluu mukunena zoona pang'ono, m'kadontho ka guluu si mmene muli vuto lalikulu. Vuto lili pa zonse zozungulira: zala zanu, tepi, kabulashi, pilo.

Dalitso: Poti mwatchula zala, magolovesi bwanji? Ine amandisokoneza, sindimva bwino tweezer.

Nesi Thoko: Manja osamba bwino amaposa magolovesi amene mwagwira nawo foni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kusamba ndi sopo ndi madzi kutenge masekondi 40 mpaka 60, sanitayiza masekondi 20 mpaka 30 mpaka manja aume. Pa kachilombo ka maso ofiiraka, sopo ndi madzi ndiye odalirika. Sambani musanayambe, mukamaliza, komanso nthawi iliyonse mukagwira china chake pakati pa ntchito. Mukafuna magolovesi tengani a nitrile, ena latex amawatulutsa ziwengo, ndipo peyala imodzi munthu mmodzi. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi zikhadabo zanu zazitali zoikirirazo. Kuchipatala ogwira odwala amaletsedwa kuvala zimenezo chifukwa pansi pake pamasunga tizilombo ngakhale usambe.

Mphatso: A nesi, zikhadabo zokha tisiyireni, ndiye chikwangwani chathu chimenecho kkkk.

Amayi a Tadala: Chikwangwani chako chikhale maso a kasitomala. Koma foni, foni ana inu. Uli pakati pa ntchito yalira, wayankha, wajambula kavidiyo, wabwerera pachikope. Foni yomweyo unali nayo kuchimbudzi. Ndiye pali ena amamata strip kuseri kwa dzanja, ena amauzira ndi pakamwa kuti guluu aume. Ndinaonapo mtsikana wina ndikumuphunzitsa, tepi anaidula n'kuimata kaye pamkono pake kuti ichepe mphamvu, kenako pachikope cha munthu. Ndinamufunsa kuti mkonowo wausambitsa liti, anangondiyang'ana.

Nesi Thoko: Kuuzira kuja ndiye siyani lero. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda ndi bakiteriya wa Staphylococcus aureus m'mphuno osadwala, ndipo ndi yemweyo amene kawirikawiri amayambitsa kachithupsa ka m'mphepete mwa chikope. Inu mumawerama pankhope ya munthu maola awiri mukupuma. Valani masiki. Masiki wamba saletsa utsi wa guluu, pamenepo pafunika mpweya uziyenda m'chipinda, koma amatchinga malovu ndi chimfine. Ndipo ngati mwatuluka tizilonda ta pamlomo tija, ndi herpes ameneyo. Mukagwira mlomo n'kugwira chikope akhoza kulowa pagalasi la diso, ndipo akalowa amakhala m'thupi moyo wonse, n'kumabwererabwerera.

Chisomo: Nanga strip yotsala ija? Kutaya zoona?

Amayi a Tadala: Usatenge strip yonse ngati sumaliza. Dula kachidutswa ndi sizasi yoyera, ika pa thayilo yoyera. Chimene tweezer yagunda chatha ntchito, sichibwerera mu thireyi ya ma lashes. Ukachibweza wadetsa thireyi yonse.

Yankho: Poti taitsegula nkhaniyi, ndinene za makasitomala osasamba m'maso. Mwezi watha anabwera wina kudzawonjezera patatha sabata 3. Nditayatsa nyale n'kukweza chikope, kumizu kwa katsitsi kalikonse kunali kamkombero koyera ngati kolala, ena achikasu, mascara akale atauma pakati. Nditapesa zinkagwa pa pad ngati mfundu. M'mphepete mwa chikope munali mofiira. Ndinamufunsa kuti amatsuka kangati, anati chiikireni sanagundeko madzi, amene anamuika poyamba anamuuza kuti madzi amathothola ma lashes. Ndinachotsa onse n'kumuuza akaonane ndi dokotala wa maso. Anachoka atakwiya.

Nesi Thoko: Munachita bwino. Kutupa kwa m'mphepete mwa chikope kumeneko timati blepharitis, ndipo timikombero ta kumizuto nthawi zambiri ndi chizindikiro cha Demodex, tizilombo ta miyendo 8 totalika mamilimita osakwana theka, tokhala m'mizu ya tsitsi n'kumadya mafuta ndi khungu lakufa. Akuluakulu ambiri tili nato, makamaka tikamakalamba, ndipo sitivuta mpaka titachuluka. M'mphepete mwa chikope muli timabowo totulutsa mafuta amene amaletsa misozi kuuma msanga. Munthu akasiya kutsuka, mafutawo amaunjikana, timabowo timatsekeka, tizilombo tapeza chakudya. Ku America mankhwala oyamba odonthezera m'maso a Demodex anavomerezedwa mu 2023, ndiye mukuona kuti si kankhani kongopeka m'saluni.

Mphatso: Komatu ife tinaphunzitsidwa kuti asanyowetse.

Amayi a Tadala: Tsiku loyamba lokha, motsatira malangizo a guluu wako. Zikatero azitsuka tsiku lililonse ndi sopo wake wa thovu uja. Ndipo mafuta a pachikope ndi amene amafooketsa guluu, ndiye wotsuka ndi amene ma lashes ake amakhalitsa. Ndikawauza choncho m'pamene amamva, za matenda samva.

Dalitso: Pa sopo wa thovu, ine ndimagula wosungunula ndekha, botolo likatsala pang'ono ndimangowonjezera madzi. Palibe vuto eti?

Nesi Thoko: Lilipo lalikulu. Pali bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa amene amakonda malo onyowa, mabotolo, masinki, ndipo akapeza kabala pagalasi la diso amatha kuliwononga m'masiku awiri okha. Mu 2023 ku America mankhwala ena odonthezera m'maso opanda zoteteza kuti mabakiteriya asaswanemo anapezeka ndi bakiteriya ameneyu. Bungwe loona za matenda kumeneko la CDC linawerenga odwala 81 m'zigawo 18, ena anasiya kuona, 4 anachotsedwa diso, 4 anamwalira. Amenewo ndi mankhwala a ku fakitale. Nanga botolo lanu lowonjezerawonjezeralo? Likatha litsukeni, liume, musakanize zatsopano pang'ono ndi madzi a distilled, otchezedwa aja, mulembepo tsiku. Chimodzimodzi kamakina kopopera nkhungu pa ma lashes kaja: madzi a distilled okha, ndipo madzulo muzikhuthula, kagone kouma.

Anti Loveness: Za madzi ogonera m'kamakina ndiye ndavomera. Kanga kanayamba kununkha ngati chithaphwi.

Mphatso: Ndibwerere kwa guluu wanga uja, popeza munandikaniza. Si kuti ndi wosalakwatu.

Nesi Thoko: Ayi ndithu, wosalakwa si iye. Ku Japan madokotala anafalitsa kafukufuku mu 2012 wa amayi 107 amene anabwera ndi mavuto a maso ataikitsa ma lashes. Mwa iwo 64 diso linatupa chifukwa guluu kapena remover analowa m'kati, 42 anali ndi ziwengo za guluu pachikope, ndipo ochepa anavulazidwa ndi tepi. Atayeza guluu anapezamo mankhwala owawa m'maso otchedwa formaldehyde. Dziko lomwelo kuyambira 2008 limafuna kuti woika ma lashes akhale ndi chiphaso cha ntchito yokongoletsa anthu. Guluu wanuyo ndi cyanoacrylate, m'bale wake wa super glue. N'chifukwa chake lash imakhala pa katsitsi, kutalikira khungu ndi theka la milimita mpaka milimita imodzi, osati pakhungu. Khungu likapsa ndi guluu kapena tepi ikakanda diso, mwatsegulira tizilombo khomo. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi.

Yankho: Ndipo guluu ameneyu asakumane ndi thonje. Ine linanditayikira dontho lalikulu pa thonje ndili nalo m'manja, linatentha mpaka kutulutsa kautsi, chala chinachita thuza. Tangoganizani likanakhala pachikope cha munthu. Gwiritsani timitengo topanda ubweya tija.

Chisomo: Nanga atalowa m'diso mwangozi?

Nesi Thoko: Tsukani ndi saline, madzi amchere a kuchipatala aja, kapena madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 osalekeza, kenako kuchipatala, mutenge ndi botolo la guluu kuti dokotala aone. Zikope zikamatana musakanule ndi mphamvu, musathire remover m'diso. Ndipo botolo la saline losatsegula lizikhala pafupi, osati muziyamba kufunafuna munthu akulira. Ma contact lens azivula asanagone. Tweezer ikabaya n'kutuluka magazi, kaya anu kaya ake, imani, ikani padera tweezer imeneyo. Kachilombo ka hepatitis B kamakhala moyo m'magazi ouma kwa masiku osachepera 7. Katemera wake alipo, aliyense wogwira zida zosongoka pafupi ndi anthu akabayitse.

Chisomo: Zonsezi ndalemba m'kope. Koma chimene chikundivuta n'chakuti mayi aja ndinaona ndithu kuti diso silili bwino. Ndinachita manyazi kuwabweza, ndi aakulu kwa ine, anachokera kutali, komanso ndalamayo ndinkaifuna.

Amayi a Tadala: Apo ndiye wanena chenicheni. Kutsuka zida aliyense angaphunzire tsiku limodzi, koma kubweza munthu kunanditengera zaka. Ine ndimayang'ana maso munthu ali chikhalire, asanagone, chifukwa akagona n'kovuta kumudzutsa. Ndikaona kufiira, manthongo, kachithupsa, kapena nkhanambo, ndimati: "Mayi, diso ili likuoneka kuti lakwiya. Ndikaika lero ma lashes sakhalitsa ndipo ndikhoza kulikwiyitsa kwambiri. Kalionetseni kaye, likachira malo anu ndikusungirani." Sindiwauza kuti ali ndi nthenda yakuti, ine si dokotala. Ena amanyanyala. Wina anandiuza kuti ali ndi ukwati mawa lake, ndinamuuza kuti pa zithunzi diso lotupa limaoneka kuposa lopanda ma lashes.

Anti Loveness: Wa ukwati ine ndikanamuika.

Yankho: Tikudziwa anti kkkk.

Amayi a Tadala: Komanso uzilemba, Chisomo. Dzina, tsiku, ola, guluu amene wagwiritsa, zimene waona m'maso. Lero ukanangotsegula kope n'kuona onse amene anagona pabedi lija pambuyo pa mayi aja.

Chisomo: Analipo atatu tsiku limenelo. Ndiwaimbire? Ndikuopa kudziyalutsa ndekha.

Nesi Thoko: Aimbireni. Auzeni kuti mmodzi mwa amene anabwera tsiku limenelo wadwala maso, osatchula dzina, ndipo akaona kufiira apite kuchipatala, asabwerekane thaulo kapena pilo ndi a kunyumba. Akamva kwa inu n'kosiyana ndi kumva pa Facebook.

Chisomo: Ndabweranso, papita masiku 4. Mtsikana uja anapita kuchipatala, anamuuza kuti ndi maso ofiira a kachilombo, ladumphiranso ku diso linalo koma akuona bwino. Sanandilembe, ndinamupepesa n'kumubwezera ndalama zake. Mwa atatu aja mmodzi nayenso zamuyamba, anandithokoza kuti ndinamuchenjeza mwana wake asanatengere. Koma nkhani ndi iyi: lero ndadzuka langa lakumanja litamata.

Mphatso: Pepani asisi!

Nesi Thoko: Pepani. Pitani mukalionetse, ndipo tsekani kaye. Kachilomboka munthu amatha kupatsira ena mpaka sabata ziwiri chiyambire kudwala, ndiye dokotala akuuzeni tsiku lobwerera, musadziyeze nokha pagalasi. Musagule mankhwala odonthezera mwachisawawa, makamaka okhala ndi steroid. Onse amene mwawaika sabata ino muwaimbirenso. Matawulo achapidwe ndi madzi otentha, timabulashi, tepi yotsegula ndi thireyi imene munabwezeramo strip zitayidwe, mascara ndi pensulo yanu ya m'maso zomwe.

Chisomo: Thireyi ya 11 mm ija ndataya ndikulira ndi diso limodzi. Ndaitanitsa ma tweezers ena awiri ndi timabulashi paketi yathunthu.

Amayi a Tadala: Pa pilo uziyala pepala lotaya kapena thaulo latsopano munthu aliyense, kutembenuza kuja kutheretu. Ukachira undiuze, ndidzakuonetsa pa vidiyo mmene ndimayalira tebulo langa.

Anti Loveness: Mayi a Tadala, chidebe chomizamo ma tweezers chija chimafunika chachikulu bwanji? Ndikufunsira mtsikana wanga wa pa saluni.

Yankho: Mtsikana wanu eti, anti?

Anti Loveness: Iwe Yankho, khala chete. Mayi a Tadala, chokhala ndi chivindikiro kapena chilichonse?

Amayi a Tadala: Chokhala ndi chivindikiro, chachitali moti tweezer imire yonse. Pansi muike kansalu kapena karabala kuti nsonga zisapindike.